Lalanje ndi orange, ana a mimba imodzi

Angerezi anayamba kudya chipatsocho dzina la mtundu wake asanalipeze. Mawu oti orange analowa m'chinenero chawo m'zaka za m'ma 1300 akutanthauza chipatso basi, ndipo mpaka cha m'ma 1500 ndi pomwe anayamba kunena za maonekedwe a nsalu. Kale chinthu chooneka ngati lalanje lakupsa ankangoti n'chofiira. N'chifukwa chake mpaka lero munthu wa tsitsi lotero amamunena kuti ndi wa mutu wofiira, chonsecho tsitsilo silifiira ngati magazi.

Kwawo kwenikweni kwa mawuwa ndi ku India. M'chinenero chakale cha Sanskrit mtengowu unkatchedwa naranga. Aperezi anati narang, Aluya nkuti naranj, ndipo Aluyawo ndi amene anafalitsa malalanje owawasa ku Sicily ndi ku Spain, komwe lero amati naranja. Atafika ku Italy ndi ku France, n wakutsogolo anagwera m'njira: anthu ankamumva ngati mbali ya kamawu komwe amaika patsogolo pa dzina, ndiye anangomusiya. Angerezi analandira kwa Afalansa mawu oduka kale mutu.

Apa ine ndimanyadira pang'ono. Apwitikizi anasintha n uja kukhala l, nkumati laranja. Pamene ankachita malonda m'chigwa cha Zambezi, ku Sena ndi ku Tete, kuyambira m'zaka za m'ma 1500, makolo athu anawatola mawuwa pamodzi ndi nsapato ndi kapitawo. Tchulani lalanje, kenaka naranj, mumva nokha kuti athuwa sanatalikire gwero ngati mmene a Chingerezi anachitira. Mwana wa m'tauni amene amati lalanje ndi mawu achimidzi, iye nkumati olenji, akunyoza m'bale wa olenji yemweyo posamudziwa. Nafenso, tisaiwale, mtundu wachikasu tinautcha potengera chomera.

Koma si orange aliyense amene ndi wa m'banjali. Tauni ya Orange ku France dzina lake linachokera ku Arausio, dzina la nthawi ya Aroma, ndipo silikhudzana ndi chipatso. Banja lachifumu la ku Netherlands linatenga dzina la tauniyo, mtundu nkubwera pambuyo chifukwa mawu anafanana. Mtsinje wa Orange ku South Africa nawo unapatsidwa dzinali mu 1779 ndi Robert Gordon polemekeza banja lomwelo, osati chifukwa cha maonekedwe a madzi ake.