Katemera wa malungo ndi mafunso amene anamuchedwetsa

Pa 23 Epulo 2019, dziko la Malawi linakhala loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kusikelo, ndipo Ghana ndi Kenya anatsatira chaka chomwecho. Ambiri amakumbukira tsikuli ngati la chikondwerero. Chimene sichinenedwa kawirikawiri n'chakuti ntchitoyi inayamba m'maboma 11 okha, ndipo china mwa zifukwa zake chinali chakuti akatswiri anali ndi nkhawa.

Nkhawayo inachokera m'kafukufuku wa ana oposa 15,000 m'mayiko 7 a mu Africa, kuphatikizapo ana a ku Lilongwe, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Katemerayu anachepetsadi malungo. Koma pakati pa ana amene anamulandira panapezeka ochulukirapo odwala matenda oumitsa khosi ndi malungo a muubongo, ndipo imfa za atsikana zinaoneka zokwera. Kodi wachititsa ndi katemera, kapena zangochitika? Kafukufuku akamaunika matenda ambirimbiri nthawi imodzi, ena amaoneka okwera mwangozi chabe. Komabe palibe amene akanalumbira kuti zinali choncho. N'chifukwa chake bungwe la WHO linasankha kuyamba pang'onopang'ono, likuwerenga ana ogonekedwa m'zipatala ndi omwalira.

Mu 2020 panabuka mtsutso wina. Peter Doshi analemba m'magazini ya zachipatala ya BMJ kuti ntchitoyi inali kafukufuku weniweni, popeza madera olandira katemera anasankhidwa mwamaere, koma makolo sanapemphedwe chilolezo monga zimakhalira pa kafukufuku. A WHO anayankha kuti maboma anali atavomereza kale katemerayu, ndipo mayi wobwera ndi mwana kusikelo wavomera.

Pa nkhani ya chitetezo, manambala anayankha. Zoopsa zija sizinaonekenso, ndipo mu Okutobala 2021 WHO inalimbikitsa kuti katemerayu aziperekedwa m'madera a malungo. Mu 2023 kunalengezedwa kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 pa 100 alionse m'madera oyeserawo.

Pa nkhani ya chilolezo, ine sindinakhutire. Mayi amene wayenda mtunda wautali, mwana kumsana, nakaima pamzere, wavomera kuti mwana abayidwe, inde. Koma ngati sanauzidwe kuti akatswiri akufufuzabe za matenda oumitsa khosi, sanapatsidwe mpata wofunsa funso limene a ku Geneva ankadzifunsa okha.