Buledi wopanda tirigu: chinangwa tachinyozeranji?

Alimi anzanga, ndiloleni sabata ino ndichoke kaye kumunda ndilowe kukhitchini, ngakhale mudzaona kuti nkhaniyi ikutibwezeranso kumunda komweko.

Mlongo wanga amakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndipo ali ndi mwana wa zaka 7 yemwe wakhala akuvutika ndi m'mimba kuyambira ali wamng'ono. Kamimba kotupa, kutsegula m'mimba kosaleka, thupi osakwera. Atayendayenda, madokotala anapeza kuti thupi la mwanayu limadana ndi tirigu. Mu tirigu muli chinthu chotchedwa guluteni, chija chimachititsa kuti ufa ukaukanda uzinanda ngati ulimbo. Kwa ambirife chilibe vuto, ndipo wina asakunamizeni kuti ndi poizoni. Koma kwa anthu ochepa chimaononga matumbo kotero kuti chakudya sichigwira ntchito m'thupi. Matendawa amatchedwa coeliac. Dokotala wa ku Netherlands, Willem Dicke, anaona pa njala ya 1944 ndi 1945 kuti ana odwala matendawa ankapeza bwino buledi atasowa, nkudwalanso buledi atabwerera. Mankhwala ake ndi kusiyiratu tirigu ndi zakudya zina zonse zokhala ndi guluteni basi.

Ndiye taganizani: buledi, sikono, mandasi, mabisiketi, zonse zoletsedwa. Anzake akamadya sikono pa buleki iye amangoyang'ana. Mayi ake anafufuza mpaka anapeza kapaketi ka ufa wapadera wochokera ku South Africa, mtengo wake wochititsa chizungulire. Nditawerenga zolembedwa kuseri kwa paketiyo ndinaseka mokwiya. Munali ufa wa mpunga, wa chimanga, ndi tapioca. Tapioca ndi chinangwa, abale. Chinangwa chomwechi chimene amayi a ku Mpamba ndi ku Chintheche amabwera nacho pa msika wa Mzuzu, ife a m'tauni nkumachitcha chakudya cha njala.

Maganizo anga ndi akuti buledi wopanda tirigu si wachilendo kwa Mmalawi. Chigumu, chomwe ena amati chikondamoyo, agogo athu akhala akuphika ndi mgaiwa, nthochi zakupsa ndi soda, popanda kambewu kamodzi ka tirigu. Tinangophunzitsidwa kuti buledi weniweni ndi wa m'sitolo wodulidwa masilayisi. Chonsecho tirigu yemwe timalima ku Tsangano, ku Neno ndi m'madera ena okwera ndi wochepa kwambiri, wambiri timagula kunja ndi ndalama zakunja zomwe tilibe. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022 mtengo wa tirigu unakwera pa dziko lonse. Kwacha nayo inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Aliyense wogula buledi anazimva m'thumba.

Komabe ndisakunamizeni kuti nkophweka. Buledi wanga woyamba anatuluka ngati njerwa, wachiwiri ananyenyeka ngati dothi la mu Okotobala, mwana uja nkuti, "Amalume, mwina tingodya mbatata." Cholakwa changa chinali kuphika ngati ndikuphika tirigu. Guluteni ndi amene amagwira mpweya wa yisiti kuti buledi afufume. Popanda iye kukanda nkutaya mphamvu chabe. Pamafunika china chomata, ndipo mazira ndi nthochi zakupsa zimagwira ntchitoyi.

Njira imene yandiyendera ndi iyi. Tengani makapu 2 a ufa wa mpunga wosefa bwino, kapu 1 ya ufa wa chinangwa, ndi theka la kapu la ufa wa soya wokazinga. Thirani kasupuni kamodzi ka soda ndi kamchere pang'ono. Padera phwanyani nthochi 2 zakupsa kwambiri, mazira 2, masupuni 3 a mafuta ophikira ndi kapu imodzi ndi theka ya chambiko. Kuwawasa kwa chambiko kukakumana ndi soda ndiye kumatulutsa mpweya wofufumitsa, choncho mukasakaniza musachedwe. Zikhale ngati phala lolimba, osati mtanda. Pakani mafuta m'poto, ikani pa mbaula ya moto wochepa, makala ambiri akhale pamwamba pa chivindikiro, monga momwe timachitira ndi chigumu. Pakatha pafupifupi ola lasani ndi mpeni. Ukatuluka wouma, wapsa. Musadule asanazizire, amamata. Chinangwa chikachuluka buledi amatafunika ngati labala, ndiye musapyole muyeso. Soya musamusiye, chifukwa chinangwa chili ndi zomanga thupi zochepa zedi, ndipo mwana wongodya chinangwa sakula bwino.

Tsopano kwa inu alimi. Vuto lalikulu lomwe ndakumana nalo si kaphikidwe ayi, ndi ufa. Ufa wa kondowole wonyika m'madzi masiku angapo uli ndi fungo ndi kuwawasa kwake, koyenera nsima yodyera usipa koma kosayenera buledi wa tiyi. Makaka ambiri a pamsika amakhala oyanika pansi, a mchenga, ena ochita nkhungu. Wophika buledi amafuna ufa woyera wopanda fungo, ndipo umapangidwa motere: chinangwa chikumbidwe m'mawa, chisendedwe, chitsukidwe, chiperesedwe, chifinyidwe madzi m'thumba loyera, chiyanikidwe pathandala, zonsezi tsiku lomwelo. Kuno ku Mzuzu ndi ku Nkhata Bay, kumene mvula yowaza ndi nkhungu zimakakamira mpaka nyengo yozizira, ntchitoyi imayenda bwino mu September ndi October dzuwa likuswa mtengo.

Sankhaninso mbewu. Chinangwa chozuna ngati Manyokola, chomwe ena amati Mbundumali, ndicho chosaopsa kupanga ufa wotere pakhomo. Chowawa ngati Gomani chili ndi poizoni wambiri, ndipo kunyika kuja makolo sanayambe pongosewera. Ku Nampula m'dziko la Mozambique, pa chilala cha 1981, anthu oposa 1,000 anapuwala miyendo atadya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira. Wopanda chofinyira champhamvu asadule njira. Okayika za mtundu wa chinangwa chawo afunse alangizi kapena akatswiri a pa Lunyangwa pompano.

Ena adzati boma lingolamula kuti ophika buledi azisakaniza chinangwa mu tirigu. Nigeria inayesa zimenezi pa nthawi ya Olusegun Obasanjo, kulamula 10 peresenti, koma sizinakhazikike, mwa zina chifukwa ufa wabwino sunkapezeka wokwanira chaka chonse. Lamulo silipanga ufa. Ndiponso buledi wosakaniza chotere sangamuthandize mwana ngati wa mlongo wangayu, poti ngakhale tirigu wochepetsetsa amamudwalitsa. Nchifukwa chake sefa, mbale ndi mthiko wake timasunga padera.

Ine ndikuona msika umene ukungodikira magulu a alimi. Mpunga wosweka wa ku Karonga, womwe amaugulitsa motchipa, ukagayidwa umatulutsa ufa wabwino ndithu. Chinangwa tili nacho, soya alipo ku Mzimba. Gulu limene lingagule choperesera ndi chofinyira, nkumalongedza ufa waukhondo m'mapaketi a kilogalamu imodzi, lingapeze ogula pakati pa amayi ophika zitumbuwa ndi zigumu, osati odwala okha. Pakadali pano ufa wa mwana uja ndimapanga ndekha Loweruka lililonse, ndi choperesera cha chitini chobooledwa ndi msomali, ndipo zala zanga zatha ndi mabala.