Bowa Angathe Kufunditsa Nyumba

Anzanga, inu amene munagonapo ku Dowa mwezi wa June mudziwa m'mene chisanu chimalowera m'mafupa. Ife tili ndi mabulangete, komabe timadandaula. Nanga anzathu a ku Dzaleka? Akulu amati mlendo ndi mame, koma msasa umenewu unatsegulidwa m'chaka cha 1994, ndipo othawa nkhondo ku Congo, Burundi ndi Rwanda anapitirira 50,000 pa malo amene anakonzera anthu ngati 10,000. Ena ofika kumene amagona m'matenti, momwe masana mumatentha koopsa, usiku n'kuzizira osagoneka.

Ine ndiganiza kuti bowa angathandize. Musaseke ayi! Pamene ndinali kuzula bowa ndi agogo m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi, ndinaona timaulusi toyera pansi pa masamba oola. Timeneti ndito thupi lenileni la bowa. Chimene timadyachi ndi chipatso chabe. Mukaduladula mapesi a chimanga, n'kuwawiritsa, n'kuthiramo mbewu ya bowa m'chikombole, timaulusito timamanga mapesiwo pamodzi m'masabata owerengeka. Pamenepo mumaumitsa pa moto kuti bowa aleke kukula. Chotulukapo ndi njerwa yopepuka, yodzala ndi timipata ta mpweya, ndipo mpweya wotsekeredwa sulola kutentha kudutsa msanga.

Izi si nthano. Mu 2014 ku New York anamanga nsanja ya njerwa za mapesi ndi bowa, ndipo mu 2024 a bungwe la MycoHab ku Namibia anaonetsa nyumba yathunthu ya njerwa za bowa.

Zovuta zilipo. Njerwazi zimaopa mvula, kotero ziyenera kukhala m'kati mwa khoma kapena kunsi kwa denga. Ndiponso manyame sangagwire ntchitoyi pakuti sasiyana ndi mizu ya mitengo, monganso utale susiyana ndi chulu. Wofunika ndi bowa wa oyisitala, amene alimi ena amalima kale pa mapesi.

Tsono chaka ndi chaka timatentha mapesi m'minda, utsi n'kupita pachabe. Ndipempha aphunzitsi athu a sayansi atilole tiumbe njerwa khumi, tiyale m'bokosi limodzi, lina tisiye, ndipo tiyeze kutentha kwake m'mamawa uliwonse mwezi wa June. Bokosi la bowa likafunda, tidzakhala ndi kanthu kokaonetsa ku Dzaleka.

Wophunzira wa Fomu 3