Chithokomiro chikabwerera, musachibise ndi mpango

Abale ndi alongo a m'midzi ya m'malire muno, lero tikambe za chithokomiro, chotupa cha pakhosi chimene chimavuta kwambiri amayi. Alipo ena amene anachitidwa opaleshoni kalekale, koma tsopano khosi layambanso kutupa. Kumudzi ena amati dokotala analakwitsa, ena amati ndi zaufiti. Ife tikuti ayi, munthu wotere abwerere kuchipatala msanga.

Nthawi zambiri dokotala amachotsa mbali imodzi ya chithokomiro n'kusiya ina kuti izigwirabe ntchito yake m'thupi. Yotsalayo itha kukulanso, ngakhale patapita zaka 10 kapena 20. Kusowa kwa ayodini m'zakudya kumakulitsa vutoli, n'chifukwa chake pogula mchere tiziona kuti papaketi palembedwa "sal iodado".

Tisabisane, opaleshoni yachiwiri ndi yovuta kuposa yoyamba. Chipsera cha mkati chimamata minofu, ndipo dokotala amavutika kuona mtsempha wa mawu umene umadutsa kuseri kwa chithokomiro. Ukavulala, mawu amasasa. Komweko kulinso timibulu 4, tating'ono ngati njere za mpunga; tikavulala, milomo ndi zala zimachita dzanzi. Chotupa chikakula kwambiri ntchito imavutanso kwambiri, choncho kuchedwa sikupulumutsa munthu. Kutema mphini pakhosi kumangowonjezera zilonda.

Si aliyense amene chotupa chabwerera amafunika mpeni. Ena amangoyezedwa magazi ndi kuunikidwa pakhosi nthawi ndi nthawi. Koma ngati nsima ikukutsamwani, mukubanika mukagona chagada, mawu asintha, kapena chotupa chalimba n'kumakula mofulumira, musadikire kuti muyambe mwakolola.

Vuto lathu ife a m'malire ndi mapepala. Mayi amachitidwa opaleshoni ku Lilongwe, patapita zaka amafika ku Ulónguè kapena ku Tete chimanjamanja. Dokotala adziwa bwanji mbali imene inachotsedwa, ndi zimene anapeza atayeza chotupa choyamba? Pepala lotulukira m'chipatala lisakulungire fodya kapena mbewu. Lisungeni m'pulasitiki pamodzi ndi bilhete lanu, ndipo muzilinyamula kumbali zonse ziwiri za malire.

Amene achotsedwa chithokomiro chonse amamwa levotiroxina tsiku lililonse, m'mawa asanadye, moyo wonse. Musasiye poti mukupeza bwino, ndipo musadikire kuti mbulu womaliza uthe musanakatenge ena. Akuluakulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Inu abambo, ndalama ya ulendo wa amayi kuchipatala isamabwere pambuyo pa feteleza. Inu amfumu ndi a mipingo, wodwala asasekedwe kuti wabwereranso. Ndipo inu amayi amene mwavala mpango ngakhale kukutentha, yambirani pachipatala chaching'ono cha kwanu, a enfermeiro akulembereni kalata yopitira kuchipatala chachikulu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.