Puabi Sanagwire Nyundo

Zimandinyansa ine anthu akamatamanda Mfumukazi Puabi wa ku Ur chifukwa cha chidindo chake cha lapis lazuli, ngati kuti anasema yekha. Mwala wabuluuwu ku Iraq kulibe, abale. Unkakumbidwa kumapiri a Badakhshan, ku Afghanistan, n'kuyenda makilomita oposa 2,000, zaka 4,500 zapitazo. Anauswa ndani m'thanthwe kozizira kuja? Nanga anauboola ndani, n'kusemapo tianthu tili paphwando, pakamwala kochepa ngati chala? Leonard Woolley atafukula manda a Puabi m'ma 1920 anatchuka heve, chidindocho n'kukathera ku British Museum. Mabuku amatchula Puabi, amatchula Woolley. Akafika pa amene anakhetsa thukuta amangoti "amisiri a nthawiyo", eti basi zatha.