Mwini chinsinsi ndiye agule lamya

Aliyense amene wakhalako ku Chinzombo, kumene kuli likulu la oyang'anira nyama za m'paki ya South Luangwa, adziwa kuti ntchito zambiri za chigwa chino, zimene kale zinkayenda ndi wailesi ndi kabuku ka m'thumba, lero zasamukira m'lamya. Ndipo kawirikawiri lamyayo si ya ofesi ayi, koma ya wantchito, yogulidwa ndi thukuta lake. Mlonda wa nyama alandira pa WhatsApp uthenga wa kumene akagone usiku, woyendetsa alendo auza anzake pamene pagona mikango, kalaliki wa pa loji ajambula pasipoti ya mlendo kuti aitumize kwa bwana. Ine ndinena poyera kuti chizolowezi chimenechi n'choipa, ndi kuti mlandu wake uli pa olemba ntchito, osati pa antchito amene timathamangira kuwaloza chala.

Tiyeni tiitsate lamya yotere mwini wake akaweruka. Kumudzi, kwa Kakumbi kaya kwa Mnkhanya, kumene si nyumba zonse zili ndi magetsi, aisiya pa kantemba kuti aitchajire, iye napita kukasamba. Madzulo mwana aibwereka kuti aonerepo mpira, mlamu naye aipempha kuti atumizirepo ndalama. Ndipo tsiku limene galasi lidzasweke, idzakwera basi ya ku Chipata kukagona kwa wokonza, amene funso lake loyamba ndilo nambala yotsegulira. Mwa anthu onsewa mulibe mbala, ndipo kwathu kuno womana mbale wake lamya timamutcha waumbombo. Koma chinsinsi cha ntchito chadutsa m'manja anayi dzuwa lisanatuluke kawiri.

Tisayese kuti zimenezi n'zachabe, ife amene m'zaka za m'ma 1970 tinali ndi zipembere zakuda zikwizikwi m'chigwa cha Luangwa, koma pofika 1998 dziko lonse la Zambia linalibe ndi chimodzi chomwe, kotero kuti mbewu ya zimene zili ku North Luangwa lero inachita kubwera pa ndege kuchokera ku South Africa kuyambira 2003. Amene anazitha ankavutika kulondola mapazi. Wotchera waya wa lero, akangodziwa kuti alonda apita kumwera, iye alowera kumpoto mosatekeseka. Choposa nyama ndi moyo wa munthu: m'lamya zina muli dzina la munthu wa m'mudzi amene ananong'oneza alonda za mnyanga wokwiriridwa, pokhulupirira kuti sadzaululidwa, ndipo dzinalo likafika m'makutu osayenera, iye ndi ana ake sadzagonanso tulo. Kunena za mapasipoti a alendo, lamulo la Data Protection Act la 2021 linaika kale udindo wowateteza pa bungwe limene lawasonkhanitsa, ngakhale atasungidwa m'thumba la yani.

Tsono akulu ena, pozindikira ngoziyi, aganiza mankhwala owawa kuposa nthendayo, akuti wantchito alole kuti m'lamya yake aikemo pulogalamu imene bwana angaonere kumene iye ali, ndi kufufuta zonse ali kutali. Ichi ndichikana kwamtuwagalu. M'lamya imeneyo muli zithunzi za maliro a amayi ake, mauthenga a mkazi wake, ndi ndalama za sukulu za ana. Ndipo munthu amene sanaperekepo ngakhale ngwee pogula alibe ufulu wopisamo dzanja. Kulamula wantchito kuti adzipezere yekha chida, kenaka n'kumulanda ulamuliro pa chidacho, ndi mtima wa Farao wofuna njerwa asanapereke udzu.

Walira mvula walira matope: amene afuna kuti ntchito iyende mwaliwiro la lamya asenzenso mtengo wake. Mlonda ndi aliyense wosunga maina a otsina khutu apatsidwe lamya ya ntchito, yokhoma bwino, yosiyidwa ku ofesi poweruka. Ndipo loji imene mlendo amalipira madola mazanamazana usiku umodzi isatiuze kuti ilibe ndalama yogulira kalaliki wake yotere. Pamene lamya ya mwini iyenera kugwirabe ntchito, Android imalola kupatula chipinda cha ntchito chokhala ndi kiyi wakewake, chimene bwana angafufute osakhudza za pabanja. Koma wantchito avomere yekha, pa pepala, ndipo mabandulo alipiridwe.

Chinthu china sichilira ndalama konse. Mvula ikayamba mu Novembala, misasa yambiri ya m'tchire imatsekedwa ndipo antchito amabalalika, ena osadzabweranso. Koma maina awo amatsala m'magulu a WhatsApp, nalandirabe zonse zokambidwa m'menemo. Ndipempha mamanijala kuti tsiku lopereka malipiro omaliza akhale pansi ndi aliyense, achotse dzina lake m'gulu, ndipo afufute pamodzi, mwini lamya akuona, zithunzi za mapasipoti ndi mauthenga a ntchito.