Musamuseke mwana wofuna kujambula wogulitsa maswiti

Akonzi,

Ndiloleni danga pa tsamba lanu lino kuti ndiyankhulepo pa mkangano umene wabuka kwathu kuno, umene ndikhulupirira ulipo m'midzi inanso kumene makolo akugulitsa mbuzi ndi nandolo kuti ana aphunzire zautolankhani ndi zojambula kanema.

Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa Sitandade 8, ndipo tsopano ali chaka chomaliza pa sukulu ina ya ukachenjede, akuyenera kukaima pamaso pa aphunzitsi ake mwezi wamawa kukafotokoza kanema amene akufuna kujambula. Kanemayo si wa zisudzo ayi, koma uja woonetsa anthu enieni pa ntchito zawo za tsiku ndi tsiku. Aphunzitsiwo akavomera adzam'bwereka kamera, akakana ndiye kuti ayambirenso. Iye wasankha mayi wina amene wagwira ntchito zaka zambiri m'sitolo ya maswiti m'tauni. Amalume ake, amene ndiwo eni mbumba komanso olipira fizi, sizinawakomere. Akuti ndalama zonsezi zithere pa wogulitsa maswiti? Bwanji osajambula phungu, kapena a Gogo Chalo, kapena midzi imene inakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu 2023? Ena mwa akuluampingo agwirizana nawo. Ine ndikuti mwanayu wasankha bwino, ngakhale pali zina zoti asamale nazo kwambiri.

Anzanga achikulire akukumbukira mmene kanema anafikira kumudzi. Ankabwera pa magalimoto achikasu a unduna wa zamalimidwe, chinsalu n'kumangidwa pabwalo la sukulu, ife n'kukhala pansi kuonera mmene tingathirire feteleza ndi kulima mizere yopingasa. Zinali zothandiza ndithu, koma tinali ophunzitsidwa basi, wolankhula anali wina. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999, ndipo nthawi yambiri inkaonetsa akuluakulu akudula maliboni. Alendo akunja nawo akabwera ndi makamera awo amafuna pamene pagwa tsoka kapena pachitika chodabwitsa. Mu 2008 Madonna anatulutsa kanema wa ana amasiye a kuno. Mu 2019 dziko lonse linaonera nkhani ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, uja anapanga magetsi a mphepo. Sindikunyoza ntchito zimenezi. Sindikuiwalanso a Shemu Joyah amene anationetsa kuti Mmalawi angathe kupanga kanema wolemekezeka kunja, monga The Last Fishing Boat wa mu 2012. Koma funso langa ndi ili: munthu wamba amene sanafedwe, sanakokolokedwe ndi madzi, sanapange chozizwitsa, koma amangodzuka m'mamawa kupita kuntchito, adzam'jambula ndani? Amalawi ambiri ndife otere.

Tsono a malume akuti m'sitolo ya maswiti mulibe nkhani. Ine ndikuti alowemo tsiku limodzi aone. Mwanayu wandifotokozera zimene waona m'masiku amene wakhala akucheza ndi mayiyo. Amafika kusanache bwino, kusesa, kutsitsa makatoni, kenaka n'kuyamba kuwerenga maswiti ndi chingamu m'timapepala ta pulasitiki pokonzekera mavenda ndi eni maokala amene amabwera kudzaoda. Zala zawo zimawerenga zokha maso ali kwina. Amadziwa venda amene malonda amuyendera ndi amene mpamba wamuthera, chifukwa amene ankatenga mapaketi asanu lero akutenga awiri ndipo akupempha ngongole. Amadziwa kuti sukulu zatsekera popanda kuona kalendala, poti malonda amangoti zii. Madzulo ndalama zikaperewera m'kabati, amadula pa malipiro awo. Ndipo mayi amene amagwira zotsekemera tsiku lonse ameneyu, kunyumba kwake ana amamwa phala lopanda shuga pamene mwezi wafika pakati.

Kodi imeneyi si nkhani? Switi ndi kanthu kochepa, koma mbiri ya ndalama yathu yonse ili m'menemo. Ine ndikuyamba uphunzitsi, mwana ankabwera ndi matambala ochepa n'kugula maswiti odzaza dzanja. Lero tambala mwana wa Sitandade 1 saidziwa n'komwe, amangoimva m'buku la masamu. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu 2024 anthu anaima pa mizere kufuna shuga, m'dziko limene nzimbe zili mbwee ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Boma linakweza malipiro otsikitsitsa a antchito ambiri kufika pa K50,000 mu 2021, ndi K90,000 mu 2024. Manambala amenewa timawamva pa wailesi n'kuwaiwala. Koma mayi wa pakauntala uja anawaona onse akudutsa m'manja mwake, ndipo ndiye ankayankha ogula okwiya pamene mtengo wakwera, ngati kuti wakweza ndi iyeyo. Nanga uja mchitidwe wotibwezera maswiti m'malo mwa chenje, tonse tinadandaulapo, koma ndani anafunsapo amene amatipatsayo kuti iye amamva bwanji potambasula dzanja?

Ife aphunzitsi malonda amenewa timawadziwa kumapeto kwake. Boma litachotsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo pa chipata cha sukulu iliyonse panamera kamsika. Amayi a zitumbuwa, a mandasi, a maswiti. Ndinkakangana nawo za ukhondo ndi za ana othawa m'kalasi, komabe ndinkadziwa kuti yunifomu ya ana ena a m'kalasi momwemo inagulidwa ndi timaswiti tomweto. Kanema wa mtsikanayu atha kulondola paketi imodzi kuchoka m'manja mwa mayi wa m'tauni, kukwera minibasi, mpaka kufika pa lichero la pa chipata cha sukulu ya kumudzi. Phungu sangamuonetse zimenezo.

Kwa mwana wangayo, ndi ena onse amene ali ndi ntchito yonga yomweyi, malangizo anga ndi awa. Ukakaima pamaso pa aphunzitsi ako usakayambe ndi mawu akuluakulu akuti umphawi ku Malawi kapena mavuto a amayi. Amenewo anawamva kale kambirimbiri, ndipo ine amene ndachonga zimangirizo zaka zoposa makumi atatu ndikudziwa mmene wochonga amagonera akaona mutu wotere. Ukawauze za munthu mmodzi. Ukanene kuti ndani, amafuna chiyani, ndipo chikumuletsa n'chiyani. Mayiyu akuti akusunga pang'onopang'ono ku banki mkhonde kuti adzatsegule okala yakeyake, koma chaka chilichonse mpamba wofunika ukumuthawa. Imeneyo ndiyo nkhani yako, ndipo woonera adzafuna kudziwa ngati adzaipeze okalayo. Ukawauzenso chimene maso adzaone ndi chimene makutu adzamve: zala zikuwerenga, phokoso la timapepala, venda akunenerera, chitseko chachitsulo chikutsekedwa madzulo. Ukanene masiku amene udzajambule, ndalama ya minibasi ndi ya chakudya, ndi kuti kanemayo adzakhala wa mphindi zingati. Mayiyo alankhule chinenero chake, Chingerezi chilembedwe m'munsi kwa ochifuna. Ndipo usakathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku loyamba munthu amalankhula zokondweretsa kamera, zenizeni zimabwera atakuzolowera.

Koma apa ndiye pali nkhawa yanga yaikulu, ndipo ndikadakonda a malume akadakwiyira zimenezi osati zinazo. Mwana wasukulu akamaliza kujambula amalandira malikisi ake n'kumapita. Mayi uja amatsala pakauntala pomwepo ndi bwana wake. Lamulo la zantchito la mu 2000 limati munthu asapitirire maola 48 pa sabata popanda malipiro apadera. Tonse tikudziwa kuti m'masitolo ambiri lamuloli limathera pakhomo. Tsono mayiyo akanena pa kamera nthawi imene amalowa ndi imene amaweruka, kapena za kudulidwa malipiro kuja, ndipo bwana n'kuziona, ntchito ithera pomwepo, ndipo pa khomo pali ena khumi oyembekezera malo akewo. Kale kanema ankathera pa chinsalu chimodzi. Lero kachidutswa kamodzi kakalowa pa WhatsApp kapena pa Facebook, m'mawa mwake kafika ku Johannesburg, ndipo palibe angakabweze. Ena adzakaikira mawu achipongwe n'kumaseka. Walira mvula walira matope, koma pano matopewo adzaponda ndi wina amene sanalire mvula.

Chifukwa chake ndikuti aphunzitsi ake asavomere ganizoli asanamufunse mwanayu mafunso awa. Kodi mayiyo wauzidwa m'chinenero chake kumene kanemayu adzaonetsedwe, kapena wangosainitsidwa pepala la Chingerezi? Kodi mwini sitolo wapemphedwa chilolezo poyera? Kujambula mobisa m'sitolo ya munthu ine sindigwirizana nako, ndipo wovutika pamapeto adzakhala wantchito yemweyo. Kodi mayiyo adzaonera kanemayo iye asanaonetsedwe kwa wina aliyense, ndipo akati chotsani apa, padzachotsedwa? Ngati bwana wakana, nkhani siinafe ayi, angathe kujambula kunyumba, panjira ndi kwa mavenda. Ana a pa chipata cha sukulu nawonso asajambulidwe nkhope popanda makolo ndi mphunzitsi wamkulu kudziwa. Za ndalama, sindikuti amugule mayiyo kuti alankhule, poti wogulidwa amanena zofuna wogula. Koma ngati wataya tsiku lake lopuma chifukwa cha kanemayu, kamwana kophunzira kasachoke chimanjamanja ngati kuti nthawi ya wosauka ilibe mtengo.

A malume ndimawalemekeza, ndipo nkhawa yawo ndikuimva. Munthu amene wagulitsa ziweto amafuna kuona mwana ataima pafupi ndi akuluakulu, kuti mwina ntchito ingapezekere pomwepo. Koma ndiwauze kuti phungu ali nawo kale omujambula, ndipo amawauza yekha poima ndi ponena. Pamenepo mwana saphunzirapo kanthu koma kugwira kamera. Amene watha kukhala pansi ndi mayi wamanyazi mpaka mayiyo n'kumasuka kulankhula, osamuchititsa manyazi ndiponso osamuchotsetsa ntchito, ameneyo ndiye olemba ntchito adzamufune.

Pomaliza ndipemphe abusa, ansembe ndi mashehe amene amawerenga tsamba lino. Makanema a ana athuwa amathera m'makompyuta a kusukulu, ife eni ake osawaona. Muli ndi maholo ndi mabenchi, ndipo ena muli ndi magetsi a dzuwa. Ana a m'mipingo ndi m'mizikiti yanu amene akuphunzira ntchitoyi muwaitane pa tchuthi adzaonetse zimene ajambula, khomo likhale laulere. Kwathu kuno ndalankhula kale ndi a komiti ya sukulu, ndipo avomera kubwereketsa chipinda cha Sitandade 8 Loweruka lina masana, ngati aphunzitsi ake avomereza ganizoli ndiponso ngati mayi wa maswitiyo alola. Ndalama ya minibasi yoti mayiyo adzabwere kudzaonera nafe ndidzalipira ndine pa penshoni yanga.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Chiradzulu.